Nkhuni za Amayi a ku Kande

Munda wachitsanzo wa ku Kande unabedwa mu Disembala wa 1950. Akubawo anasiya mpanda, chikwangwani ndi mlonda.

Kopolo Jairos Mtambalika wa kupolisi ya ku Chintheche anafika pamalopo mochedwa, sabata itatha kale ndi masiku ena pamwamba. Sikunali kulakwa kwake. Mwini dandaulo anaona kuti mlandu waukulu chotere sungayambire kwa kopolo wamba, choncho anautumiza kuboma ku Nkhata Bay, kumene unakapuma masiku angapo usanabwezedwe kwa kopolo wamba yemweyo.

Mwini dandauloyo anali a Henderson Kachingwe, mlangizi wa zaulimi, munthu wa ku Ntcheu amene ankavala jekete ngakhale masana a kunyanja. Anatumidwa ndi bungwe lina lothandiza alimi ang'onoang'ono, limene dzina lake linali lalitali kwambiri moti anthu ankangoti Sikimu. Analandira Kopolo pachipata cha mundawo, ndipo asanafunsidwe funso lililonse anayamba kuyankha.

Nkhani yake inali yakuti kwa zaka zingapo chinangwa cha dera lonselo chinali chitagwidwa khate. Masamba ankapiringizika n'kuchita mawanga achikasu, ndipo mayi akakumba pansi ankapezamo timizu tonga zala za mwana. Kwa Atonga chinangwa ndiye chakudya, zinazi n'zokometsera chabe, choncho njala inali itayamba kale kusuzumira m'makomo. Sikimu inabweretsa mbewu yatsopano yochokera ku Tanganyika, yosagwidwa khate, ya masamba otambasuka obiriwira okhala pa timapesi tofiira. Inabzalidwa m'munda umodzi wokhawu kuti ikakula, mitengo yake idzadulidwe n'kugawidwa kwa alimi. Ndipo inakuladi, kupitirira mutu wa munthu. Anthu ankachokera kutali kudzaima pampanda n'kumangoyang'ana osayankhula, monga amaimira pagombe sitima ikamadutsa.

Chimene chinatsala chinali kugawa. Kugawako kunkadikira Bwana wa Sikimu, amene anayenera kudzadula mtengo woyamba ndi dzanja lake, chithunzi chikujambulidwa. Bwanayo analonjeza kubwera mu Okutobala, kenako mu Novembala, kenako mvula ikadzatha misewu itauma.

Kopolo analowa m'mundamo. Pa zaka zake zaupolisi anali ataona minda yobedwa yambiri, ndipo ankadziwa kuti wakuba wanjala amazula, amathyola, amathawa. Muno munalibe muzu ngakhale umodzi wozulidwa. Chinangwa chonse chinali pansi pomwepo, chikunenepa. Chimene chinapita ndi mitengo yokha, uliwonse wodulidwa pa msinkhu wa bondo, mopendeketsa, ndi mpeni wakuthwa, kamodzi kokha. Mzere ndi mzere mpaka kumapeto kwa munda uko, zitsa zonse zinali zofanana ngati anachita kuziyeza ndi chingwe, ndipo chilichonse chinali chitayamba kutulutsa timphukira tofiira. Kopolo anazindikira kuti chipewa chili m'manja, koma sanakumbukire kuti wachivula nthawi yanji.

"Zigawenga," anatero a Kachingwe.

Kopolo anati zigawenga zaudongo chonchi anali asanakumanepo nazo.

A Kachingwe sanamve, chifukwa anali atayamba kale kufotokoza mmene anauthetsera mlanduwo paokha. Lachitatu madzulo anazungulira munda, zonse zili bwino. Lachinayi m'mawa mudzi wonse unanyamuka kupita ku Bandawe ku msonkhano wa Mgonero, umene umasonkhanitsa mipingo ya m'mbali mwa nyanja kuyambira Lachinayi mpaka Lolemba. A Kachingwe nawonso anapita, panjinga, kuchokera kunyumba kwawo kumsewu, osadzera kumunda. Ku Bandaweko anaona ndi maso awo munthu aliyense wa ku Kande, masiku onsewo. Kumudzi kunatsala munthu mmodzi, mlonda Killion Longwe. Lolemba pobwerera anapeza munda uli chonchi. Kwa iwo zinali zoonekeratu kuti mlondayo anagulitsa mitengoyo kwa anthu a zombo za kutsidya mudzi uli zii. Mesenjala wa boma anali atamutsekera m'sitolo ya Sikimu, ndipo lole ya Lachisanu inali kudzamutenga kupita naye kukhoti. Tsikuli linali Lachitatu.

"Anafika posesa ndithu, kubisa mapazi," anatero a Kachingwe. "Lolemba lija ndinaona mizere ya tsache munda wonse, ndi timaenje ta madontho a mvula pamwamba pa mizereyo. Maso awa, a Kopolo, anaphunzitsidwa kuona."

Kopolo anafunsa kuti mvulayo inagwa liti. Limeneli linali funso limene a Kachingwe anakhala akulidikira moyo wawo wonse. Anamutengera pa botolo loyezera mvula limene linali pamtengo pakati pa munda, nanena kuti masiku onse a msonkhano mvula inawaza kamodzi kokha, Lachinayi masana, ndipo inawapeza panjira n'kuwanyowetsera jekete. Timadzi timene anatipeza m'botolomo Lolemba tinali ta mvula yomweyo. Kuchokera pamenepo kunali ng'amba mpaka pakati pa sabata yotsatira.

Kopolo anavalanso chipewa chake. Ngati madontho a Lachinayi masana anagwera pamwamba pa mizere ya tsache, ndiye kuti wosesayo anasesa Lachinayi m'mawa. Mundawo sunabedwe mudzi uli zii. Unabedwa mudzi wonse ulipo.

*

Chitseko cha sitolo chitatseguka, Killion Longwe anaima njo pakati pa makasu ndi matumba a Sikimu, namenya sawatcha. Anali msilikali wakale, wobwerera ku Burma ndi mendulo komanso chifuwa chosamva mankhwala, ndipo Chinyanja chake chinali cha kunkhondo, chachifupichifupi. Panja, pamthunzi wa sitoloyo, panakhala mkazi wake Ethel, khanda lili kumbuyo, ana ena awiri atamutsamira. Chiyambire khate la chinangwa, ulonda umenewu ndiwo unkadyetsa khomo lawo.

Kopolo anamufunsa ngati anagona pa ntchito. Killion anati msilikali sagona pagadi. Ngati anachokapo, anati sanachokepo. Ngati analawako kachasu. Anati iye ndi wa mpingo, ndipo ku Mgonero analephera kupita chifukwa cha ntchito basi. Za zombo za kutsidya anati chaka chino sanaoneko ngakhale thanga.

"Ndiye mundawo unadzidula wokha?"

"Sindinaone munthu, bwana Kopolo."

Anali atayankha chimodzimodzi kwa a Kachingwe ndi kwa mesenjala, tsiku ndi tsiku, osasintha liwu. Kopolo anasintha funso. Anati za anthu azisiye, angomuuza chimene anaona Lachinayi m'mawa, chilichonse.

Killion anaganiza kaye, akufufuza ngati funsolo lili ndi msampha. Kenako anati anaona nyerere. Pamtengo wa mango umene uli kuseri kwa chipata pali nyerere zofiira zimene zimasoka masamba n'kupanga nyumba. Zimakwera kudzera kumanja kwa thunthu, zimatsika kudzera kumanzere. Pakhungwa pali mng'alu wonga mbedza, ndipo zikafika pamenepo zimapatsana moni. Imodzi inanyamula phiko la chiwala, inagwa nalo, inakweranso, inagwanso. Anafotokoza zonsezi mosamala, ngati lipoti la kunkhondo.

Kopolo anati munthu sangaudziwe mtengo chonchi pokhapokha atauyang'ana nthawi yaitali, mphuno ili pakhungwa.

"Nthawi yaitali ndithu, bwana."

"Kumbuyo kwanu kunkachitika chiyani?"

"Kumbuyo kulibe maso, bwana."

"Koma makutu amamva za kumbuyo."

Killion anati anamva nyimbo ya m'buku, yoimbidwa pansipansi ndi mawu ambiri. Ku Burma anamvapo gulu lankhondo likuyenda m'nkhalango, koma sanamvepo anthu ambiri chotero akugwira ntchito popanda wowalamula. Eni mawuwo anakana kuwatchula. Kopolo anamukumbutsa za lole ya Lachisanu, za ndende, za ana ali panjawo. Pa mawu otsirizawo nkhope ya Killion inagwedezeka pang'ono, koma maso anakhalabe kutsogolo.

"Dzina lilipo, bwana. Koma pakamwa panga silingatuluke. Kuli bwino lole."

Potuluka Kopolo anaima pa Ethel. Chala chake chachikulu chinali chomangidwa ndi kansanza. Anamufunsa kuti anavulala bwanji, ndipo mayiyo anati anadzicheka podula nkhuni za ku Mgonero. Kopolo anati kwawo nkhuni amadula ndi nkhwangwa, koma bala ili likuoneka la mpeni. Ethel anasuntha khanda kumbuyo, nayang'ana kutali, namuyankha pomutchula kuti ada, ulemu wa Chitonga kwa mwamuna.

"Mafunso amenewo ali ndi eni ake, ada. Ine ndine mwana."

*

M'mawa mwake Kopolo anapalasa njinga kupita ku Bandawe. Mitengo ya munda wathunthu silowa m'thumba. Inayenera kuyenda pamsewu, masana, pamitu ya anthu, ndipo Lachinayi lija mitu yonse inalowera ku Bandawe.

Kuseri kwa tchalitchi chachikulu cha njerwa anapeza a Bester Thawi, mkulu woyang'anira zophikaphika pa misonkhano yonse, akutsuka mphika woti munthu n'kubisalamo. A Thawi anali ndi madandaulo amene anali asanapeze wowamvera, ndipo yunifolomu ya Kopolo anaiona ngati yankho la pemphero.

Anayamba ndi mwambo. Pa Mgonero mayi aliyense amabwera ndi ufa, ndiwo ndi mtolo wa nkhuni, kuti alendo adye. Chaka chino amayi a ku Kande anachita zodabwitsa. A Thawi ataima pachitunda Lachinayi lija anaona ngati nkhalango yazuka, ikubwera kudzapemphera: mzere wa amayi wosaoneka mapeto ake, aliyense ndi mtolo wautali kuposa mwini wake, wokutidwa ndi udzu ndi makoko a nthochi, onse akuimba. Anathokoza Mulungu kuti chaka chino moto sudzavuta.

"Ada, mpunga unapsa theka," anatero. "Theka. Abusa anautafuna mwaulemu, koma ndinkaumva kuchokera kukhitchini."

Nkhunizo sizinafike pamoto. Amayiwo anakaziimika kumtsinje, pamthunzi, matsinde ali mumchenga wonyowa, naika anzawo ozilondera mosinthana. A Thawi atatuma anthu kukatengako, anabwezedwa ndi mawu akuti sizinaume. Ndipo sizikanauma, chifukwa m'mawa uliwonse amayiwo ankazithira madzi. A Thawi anati akhala akuphika kuyambira nthawi ya nkhondo yoyamba, koma nkhuni zothirira anali asanazionepo. Lolemba anthu atabalalika anatsikira kumtsinje kuja kuti mwina akatoleko zotsala. Panalibe kamtengo, panalibe phulusa. Chimene anaona n'chakuti mphasa za amayi a mipingo yonse, zimene zinabwera zowonda, zinabwerera zonenepa.

Kopolo anafunsa za ndiwo. Apa nkhope ya a Thawi inawala. Anati pa ndiwo pokha amayi a ku Kande anawakhululukira. Anabweretsa chigwada, masamba a chinangwa, madengu ndi madengu, chobiriwira, chofewa, chonga chimene anthu ankadya khate lisanabwere. Okalamba ena anagwetsa misozi pochilawa. Mlangizi wa Sikimu anapempha kachiwiri, kenako kachitatu, ndipo ataimirira kuthokoza m'malo mwa alendo ananena kuti masamba otere ndi umboni wakuti anthu ayamba kumvera malangizo ake.

Kopolo anayang'ana kumwamba kwa kanthawi. Kenako anafunsa kuti amatsogolera amayi a ku Kande ndani.

A Thawi anatsitsa mawu, ngakhale panalibe wina pafupi. Anati ndi Anyamanda, a Beatrice, mkulu wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo. Mayi amene akatsokomola kumbuyo kwa tchalitchi, mlaliki amafupikitsa ulaliki. Mwana wawo ndi Ethel, uja anakwatiwa ndi msilikali.

Kopolo anali wa ku Dedza, ndipo kwawonso mkamwini woleredwa bwino akaona apongozi ake aakazi akubwera amapatuka, n'kunjuta atafulatira mpaka adutse. Sawayang'ana kumaso, satchula dzina lawo. Nanga apongoziwo akapanda kudutsa? Akangoima pachipata?

Anali atakwera kale njinga pamene a Thawi anawonjezera kuti mtolo wa Anyamanda wokha sunabwere pamutu. Mlangizi uja anawapeza panjira, natsika panjinga pamaso pa anthu onse, nati mayi wamkulu chotere sangasenze katundu iye alipo. Anaumanga yekha pakaliyala. Ndiwo unali woyamba kulowa pa Bandawe.

*

Pobwerera Kopolo anasiya msewu nadzera njira za m'midzi, akukankha njinga. Poyamba sanaone kanthu koma minda yodwala yomwe ija, yachikasu, yopiringizika. Kenako kuseri kwa nyumba ina anaona kamzere ka timitengo tobzalidwa chopendekera, kalikonse kali ndi timasamba tatsopano pa timapesi tofiira. Kuseri kwa nyumba yotsatira kunalinso kamzere. Maso atazolowera poyang'ana, anayamba kutiona paliponse: m'mphepete mwa nthochi, pafupi ndi thandala la usipa, pambali pa bafa, pakati pa chinangwa chakale ngati ana athanzi pakati pa odwala. Panalibe khomo lokhala ndi tambiri, panalibe khomo lopanda. Mudzi unatha, wina unayamba, timapesi tofiirato tili pomwepo. Munda umene unali mkati mwa mpanda umodzi unali utamwazika dziko lonse, ndipo unali wamoyo. Kopolo anali atatsatirapo katundu wobedwa kambirimbiri, koma aka kanali koyamba kumupeza akukula.

Kopolo anawapeza Anyamanda padziwe lovikamo chinangwa, akusenda timizu tating'ono ta mbewu yakale. Anali mayi wamfupi, wa imvi, ndipo sanaimirire. Pambali pawo panali kamtolo ka zovala komangidwa kale, Baibulo lili pamwamba.

Kopolo anapereka moni wa Chitonga umene ankaudziwa, nanjuta. Mayiwo anamuyankha m'Chinyanja kuti asavutike.

Anavomera zonse asanafunsidwe. Anati iwo sanadule kanthu. Anangoima pachipata kuyambira mbandakucha mpaka tsache lomaliza litatuluka, ndipo mkamwini wawo anachita zimene mwana wa anthu amachita. Odula anali amayi a Umanyano. Ku Bandawe mayi aliyense wa mpingo uliwonse analandira timitengo totalika ngati mkono, a ku Sanga, a ku Mpamba, a ku Chintheche, ngakhale mlendo wina wa ku Usisya amene anadzaona mdzukulu. Lamulo linali limodzi: chaka chamawa aliyense adzadulire mnzake amene alibe.

Kopolo anati mbewuyo inali kudzagawidwa ndithu, kunangofunika kudikira.

"Kugawidwa kwa ndani, ada? Sikimu ikuti kwa eni minda, amuna. Amuna a kuno ali ku Joni, ali ku Halale. Wanga anapita ndili ndi pakati pa Ethel, ndipo khasu lake ndinalimaliza ine. Tinapempha, anati tidikire Bwana. Mvula sinalembedwe ntchito kwa Bwana, cha."

Kopolo anafunsa chifukwa chimene anasiyira mkamwini wawo m'sitolo masiku onsewa, ana ake akudya mosinira. Apa mpeni wa mayiwo unaima. Anati chimenecho ndicho chakhala chikuwasowetsa tulo, ndipo Ethel sakuwayankhula. Koma kamtengo kongobzalidwa kumene kamazuka ndi zala ziwiri, ndipo akanaulula msanga a Kachingwe akanayenda khomo ndi khomo ndi mesenjala, kutolera. Anadikira kuti mizu igwire. Dzulo anakoka kamodzi, kanakana. Analoza kamtolo kawo ndi mpeni, nati mawa lole ikafika akweramo ndi iwo, osati bambo wa zidzukulu zawo.

Anawonjezera kuti amayi enawo amva, ndipo akuti nawonso akubwera ndi timitolo tawo. A ku Sanga anyamuka kale.

Kopolo anagwira unyolo womangira akaidi umene unali palamba wake. Unali umodzi.

*

Kopolo anawapeza a Kachingwe pakhonde akupukuta njinga. Kopolo anakhala pansi, nanena kuti mlandu watha, ndipo wabwera kudzathokoza chifukwa umboni wonse anaupereka ndi iwo, tsache ndi botolo. A Kachingwe anavomera kuti ankayembekezera zimenezo. Kenako Kopolo anafotokoza za Lachinayi m'mawa, za nkhuni zothirira, za mphasa zonenepa, ndipo nsanza yopukutira inayamba kuyenda pang'onopang'ono.

Kopolo anati khoti lidzafuna onse amene ananyamula katunduyo, ndipo iye monga wapolisi ayenera kuyamba ndi amene analowa naye koyamba pa Bandawe. Mboni zikuti anali panjinga. Zikutinso gawo lina la katunduyo, la masamba, linadyedwa pagulu, ndipo wina anapempha katatu n'kuthokoza ataimirira.

Nsanza inaima.

"Unali wokutidwa ndi makoko a nthochi," anatero a Kachingwe. "Anandiuza kuti akuopa mvula."

Kopolo anati woweruza angamvetse zimenezo, mwina. Chovuta n'chakuti Bwana wa Sikimu adzafuna kudziwa kuti mlangizi wa maso ophunzitsidwa kuona anapalasa bwanji mbewu ya Sikimu mtunda wonsewo osaizindikira.

A Kachingwe anaimirira, natsika pakhonde, nalunjika kuseri kwa nyumba ya mayi wina woyandikana nawo, Kopolo akuwatsata. Kumeneko anagwada padothi ndi thalauzi lawo labwino, patsogolo pa kamzere ka timitengo. Anatembenuza katsamba kamodzi ndi chala, nakayang'ana kunsi, nayang'ananso kena. Panalibe banga ngakhale limodzi. Anafunsa motsitsa mawu ngati taphuka chonchi konse kumene Kopolo wadutsa. Kopolo anati konse, mpaka ku Bandawe, ndipo akumva kuti mpaka ku Sanga. A Kachingwe anakhala chigwadire, dzanja lili lende pamwamba pa katsambako ngati akuopa kukapweteka.

Sizinakhalitse. Podzuka anasasa mawondo, nanena kuti kutalikirana kwa mapandowa ndi kumene iwo amaphunzitsa. Pofika pasitolo anali atakumbukira kuti kugawa mbewu kudzera mwa amayi a mpingo ndi njira imene akhala akuiganizira kwa nthawi yaitali. Potsegula loko anauza mesenjala kuti panalibe kuba kulikonse. Sikimu yangogawa msanga kuti mvula isadutse, ndipo Bwana adzadula mtengo woyamba wa mphukira zatsopano, zimene zidzaoneke bwino kwambiri pachithunzi.

Killion anatuluka akuphethira. Ethel anaimirira, ana anamuthamangira, ndipo iye anamenya sawatcha kwa Kopolo mwana mmodzi atamukakamira pamwendo. Kenako anaona kumsewu mayi wamfupi wa imvi ataima ndi kamtolo pamutu. Msilikali wa ku Burma anatembenuka bwinobwino, nanjuta, nayang'ana khoma la sitolo imene wangotulukamo.

"Yewo, ada," anatero Anyamanda pothokoza, akuyankhula ndi msana wake. Ulendo uno anadutsa msanga.

Lole ya Lachisanu inabwerera yopanda mkaidi. Inangonyamula amayi a ku Sanga ndi timitolo tawo, amene anapempha kuti iwasiye panjira popeza miyendo inali itatupa.

Kopolo anafika kunyumba ku Chintheche masana, fumbi lili mpaka m'makutu. Mkazi wake Nachisale, amene nayenso anali ku Mgonero, anamuikira madzi kubafa. Popita kumeneko Kopolo anaima. M'mbali mwa mpanda wa bafalo munali kamzere ka timitengo topendekera, timasamba tili pa timapesi tofiira. Anaitana mkazi wake, nafunsa kuti izi n'chiyani.

"Nkhuni," anatero Nachisale, osasiya kupeta.

Kopolo anayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo. Anatenga ndowa ya madzi ake osamba, nayamba kuthirira.